Mwala wa Hammurabi: Woweruza Onse, Nanga Iye Amuweruze Ndani?

Kutamandidwa konse n’kwa Allah, Woweruza amene chiweruzo Chake sichigulidwa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Anthu ophunzira akamakamba za malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babylon, pamamveka maganizo awiri. Ena amati mwala umene mfumuyi idalembapo malamulo ake ndiwo chiyambi cha chilungamo padziko, ndipo udaika anthu onse pa muyeso umodzi. Ena amati qisas ya m’Shariya si kanthu kena koma mwambo wa ku Babylon wovekedwa mkanjo wa Chiarabu. Achinyamata athu a m’masukulu a sekondale ndi m’makoleji amakumana nawo maganizo achiwiriwa, ndipo ambiri amasowa choyankha. Magulu onse awiri adamva chinthu chimodzi chokha, cha diso kulipa diso, nalekera pomwepo. Ife tiuwerenge mwalawo monga timawerengera buku lililonse la fiqh: tione zimene udakhoza, kenako tiufunse mafunso atatu. Kodi magazi a anthu ndi ofanana? Kodi wolangidwa ndi amene walakwa? Kodi wolamula naye ali pansi pa lamulo?

Mwalawo ndi wotani

Babylon, mzinda umene Qur’an yolemekezeka imautchula kuti Babil mu Surah Al-Baqarah ndime 102, udali m’mbali mwa mtsinje wa Euphrates. Mabwinja ake ali pafupi ndi Hilla m’dziko la Iraq, makilomita pafupifupi 85 kummwera kwa Baghdad. Hammurabi adali mfumu yachisanu ndi chimodzi ya banja lake, ndipo adalamula kuyambira cha m’ma 1792 mpaka 1750 asanabadwe Mneneri Isa (AS). Adayamba ndi ufumu waung’ono, koma adagonjetsa Rim-Sin wa ku Larsa, adaononga mzinda wa Mari, ndipo chakumapeto kwa ulamuliro wake ndi pamene adalembetsa malamulowa.

Mwalawo ndi wakuda, wotalika mamita 2.25. Sudapezeke ku Babylon. Akatswiri ofukula zakale a ku France, motsogozedwa ndi Jacques de Morgan, adaupeza ku Susa m’dziko la Iran pakati pa 1901 ndi 1902. Mfumu ya Elam, Shutruk-Nahhunte, idautenga ngati chofunkha cha nkhondo patapita zaka pafupifupi 600 Hammurabi atamwalira. Jean-Vincent Scheil adaumasulira mu 1902 ndipo ndiye adawerenga malamulowo kuti alipo 282. Lero uli m’nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre ku Paris.

Zolembedwazo zili m’chiyankhulo cha Akkad ndipo zili m’magawo atatu: mawu oyamba otamanda mfumu, malamulo, ndi mawu omaliza odzaza ndi madalitso ndi matemberero. Pamwamba pake adasemapo Hammurabi ataimirira pamaso pa Shamash, fano la dzuwa limene anthuwo ankaliyesa mwini chilungamo. Kwa Msilamu imeneyo ndi shirk yoonekeratu, ndipo palibe chifukwa choibisira. Komabe chithunzicho chikutiuza kanthu: ngakhale mfumu yopembedza mafano idadziwa kuti anthu sangalandire chiweruzo chake pokhapokha atakhulupirira kuti chachokera kumwamba kwa iye.

Apa maganizo oyamba aja agwa kale. Malamulo a Hammurabi sindiwo oyamba. Ur-Nammu wa ku Ur adalembetsa ake zaka pafupifupi 300 m’mbuyo mwake, ndipo padalinso a Lipit-Ishtar wa ku Isin ndi a mzinda wa Eshnunna. Chodabwitsa n’chakuti malamulo akalewo, munthu akavulaza mnzake, ankalamula kulipa siliva. Kubwezera chiwalo ndi chiwalo kudaonekera kwambiri pa mwala wa Hammurabi, umene udabwera pambuyo.

Zimene mwalawu udakhoza

Allah adatilamula mu Surah Al-Ma’idah ndime 8 kuti kudana ndi anthu kusatichititse kusiya chilungamo. Choncho tiyambe ndi zabwino.

Alembi a ku Babylon adali ndi luso la chiweruzo. Lamulo lililonse limayamba ndi nkhani yongoyerekeza, lipereka chigamulo, kenako lotsatira lisintha mbali imodzi ya nkhaniyo kuti lione ngati chigamulo chisinthe. Wophunzira fiqh aizindikira msanga njira imeneyi, pakuti ndi momwe ma ulama a ku Kufa, m’dera lomwelo la Iraq, ankasulira nzeru za ophunzira awo m’nthawi ya Imam Abu Hanifa.

Malamulo oyambirira onse akukamba za umboni. Lamulo 1 likuti woneneza mnzake mlandu wakupha nalephera kuutsimikiza aphedwe iyeyo. Lamulo 3 likupereka chilango chomwecho kwa mboni yonama pa mlandu wa imfa. Lamulo 23 likuti munthu akaberedwa ndi achifwamba osagwidwa, mudzi ndi mkulu wa dera limene umbandawo wachitikira amubwezere katundu wake. Lamulo 48 likuti mlimi wangongole amene munda wake wakokoloka kapena wauma ndi chilala asabweze mbewu kapena chiwongoladzanja chaka chimenecho. Lamulo 117 likuti mkazi kapena mwana woperekedwa chifukwa cha ngongole amasulidwe chaka chachinayi. Lamulo 128 likuti ukwati wopanda pangano si ukwati. Lamulo 34 likuopseza ndi imfa mkulu wa asilikali wolanda katundu wa msilikali wake.

Tilinso ndi makalata amene Hammurabi ankalembera nduna zake, monga Sin-iddinam ndi Shamash-hazir a ku Larsa. M’menemo timaona mfumu ikulamula kuti munda ubwezedwe kwa mwini wake, ndiponso kuti nkhani ya ziphuphu ifufuzidwe ndi mboni zitumizidwe ku Babylon. Siidali mfumu yaulesi pa milandu ya anthu ake.

Funso loyamba: magazi a ndani?

Wonena kuti mwalawu udafananitsa anthu awerenge malamulo 196 mpaka 199 motsatizana. Anthu a ku Babylon adali m’magulu atatu: awilum, mfulu yolemekezeka, mushkenum, mfulu yotsika, ndi wardum, kapolo. Wochotsa diso la awilum, lake lichotsedwe. Wochotsa diso la mushkenum alipe mina imodzi ya siliva, imene ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Wochotsa diso la kapolo alipe theka la mtengo wa kapoloyo. Ndiye kuti diso kulipa diso udali mwayi wa olemekezeka okha. Lamulo 202 likuti womenya patsaya munthu womuposa ulemu akwapulidwe zikoti 60 pabwalo, pomwe ofanana ulemu akamenyana chimodzimodzi amangolipana. Lamulo 8 likuti wakuba chiweto cha kachisi kapena cha kunyumba yachifumu abweze 30, wakuba cha mushkenum abweze 10, ndipo wosowa cholipira aphedwe. Pamenepa wakuba wolemera amapulumuka, wakuba wosauka amafa.

Nanga qisas? Qur’an siinena kuti kubwezera chiwalo ndi chinthu chachilendo. Surah Al-Ma’idah ndime 45 ikunena poyera kuti lamuloli lidalembedwa kale mu Tawrat. Choncho kupeza chofanana nacho m’mitundu yakale sikutidzidzimutsa, pakuti timakhulupirira kuti palibe mtundu umene sudafikiridwe ndi mchenjezi, ndiponso kuti Allah adaika m’mtima wa munthu kuzindikira kuti woononga ayenera kulipa. Kufanana si umboni wa kukopera. Pakati pa Hammurabi ndi Madina pali zaka zoposa 2,300, ndipo m’nthawi ya Mtumiki (SAW) zilembo za ku Babylon zidali zitaiwalika kale, popanda wotha kuziwerenga.

Kusiyana kwake kuli pawiri. Choyamba, Shariya siizindikira mfulu yapamwamba ndi mfulu yotsika. Arabu a nthawi ya umbuli ankafuna kuti mwana wa mfumu akaphedwa aphe anthu angapo a fuko lina, ndipo Chisilamu chidathetsa zimenezo. Diya ya munthu ndi ngamira 100, diso limodzi ndi theka la diya, kaya mwini wake ndi mwana wa khalifa kaya ndi m’busa wa mbuzi. Chachiwiri, Surah Al-Baqarah ndime 178 idatsekula khomo la chikhululuko ndi kulandira diya, ndipo ndime ya mu Al-Ma’idah ija ikulonjeza wokhululuka kufafaniziridwa machimo. Qisas ndi ufulu wa wolakwiridwa umene akulimbikitsidwa kuusiya. Pa malamulo a kuvulazana a Hammurabi khomo lotere silidalembedwe.

Wofufuza woona sabisa zomuvuta. M’mabuku athu a fiqh mulinso kusiyanitsa. Imam Malik, Imam Shafi‘i ndi Imam Ahmad adati mfulu siiphedwa chifukwa cha kapolo, pomwe Imam Abu Hanifa adati iphedwa ikapha kapolo wa munthu wina, ndiponso adati Msilamu aphedwa chifukwa cha dhimmi. Ma ulama ochuluka adati diya ya moyo wa mkazi ndi theka la ya mwamuna, ngakhale madhhab onse anayi adagwirizana kuti mwamuna wopha mkazi mwadala qisas imamugwera. Izi zilimo, ndipo wophunzira azidziwe asanazimve kwa wotsutsa. Koma taonani mmene zilili: ma ulama adatsutsana pa zimenezi, aliyense akubweretsa umboni wochokera m’Qur’an ndi Sunnah, ndipo mkanganowo udalembedwa kuti obwera pambuyo auyeze. Mwala wa ku Babylon ukutha ndi matemberero ataliatali kwa aliyense wosintha mawu ake.

Funso lachiwiri: alangidwe ndani?

Apa ndi pamene mwalawu wagwa kwambiri. Lamulo 229 likuti mmisiri womanga nyumba yosalimba, nyumbayo ikagwa nkupha mwini wake, mmisiriyo aphedwe. Lamulo 230 likupitiriza kuti ikapha mwana wa mwini nyumba, aphedwe mwana wa mmisiri. Lamulo 210 likuti womenya mwana wamkazi wa awilum ali ndi pakati, mkaziyo namwalira, aphedwe mwana wamkazi wa womenyayo. Lamulo 116 lili ndi nzeru yomweyo pa mwana wogwidwa chikole cha ngongole nafa ndi nkhanza. Mlembi adafuna kuti muyeso ulingane, ndipo udalinganadi pakati pa abambo awiri, koma mwana wophedwayo sadamuwerenge ngati munthu. Adamuyesa katundu wa bambo ake.

Qur’an idabwereza kangapo, monga mu Surah Al-An‘am ndime 164 ndi Surah Fatir ndime 18, kuti palibe wosenza mtolo wa machimo a mnzake. Surah Al-Isra ndime 33 ikuletsa wachibale wa wophedwa kupyola malire pobwezera, ndipo omasulira Qur’an adati kupha wina wosakhala wakuphayo ndiko kupyola malire kumeneko. Wina anganene kuti nanga aqila, abale a kuchimuna amene amasonkherana diya munthu akapha mwangozi? Chimenecho ndi chuma chothandizira wosalakwa dala ndi kutonthoza ofedwa. Palibe magazi a wachibale amene amakhetsedwa.

Lamulo 2 nalo likuyenera kuyang’anidwa ndi diso la kuno kwathu. Munthu akanenezedwa ufiti popanda umboni, aponyedwe mumtsinje. Akamira, womunenezayo atenge nyumba yake. Akayandama, womunenezayo aphedwe. Uwu ndi mwavi wa ku Babylon. Boma la atsamunda lidaletsa mwavi ndi kunenezana ufiti m’lamulo la 1911, koma mtima wake sudafe. Mu January 2016 anthu okalamba anayi adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, ndipo tonse tamvapo za nyumba za abale a woganiziridwa mlandu zikutenthedwa iye atathawa. Shariya ikuti umboni ndi udindo wa woneneza, lumbiro ndi la wokana, ndipo chikaiko chimachotsa chilango cha hadd. Wofuna kuona mzimu wa Babylon m’dziko muno asaufune m’buku la fiqh. Aufune m’gulu la anthu lonyamula miyala.

Funso lachitatu: mfumu ikalakwa?

M’mawu oyamba Hammurabi akudzitcha m’busa woitanidwa kuti wamphamvu asapondereze wofooka. M’mawu omaliza akudzitcha mfumu ya chilungamo, ndipo akuitana wolakwiridwa aliyense kuti abwere pamaso pa chifanizo chake, amuwerengere mwalawo, mtima wake ukhazikike, nadalitse mfumu. Mawuwo ndi okoma. Koma pa malamulo onse amene adatsala pamwalapo, palibe ngakhale limodzi lonena chochita mfumu ikakhala yolakwa. Woweruza alangidwa, msilikali alangidwa, sing’anga adulidwa dzanja. Mfumu ikaonekera, monga m’lamulo 129, ikuonekera ngati wokhululukira ena.

Akatswiri monga F. R. Kraus, J. J. Finkelstein ndi Jean Bottéro adaona chinthu china. Kwafukulidwa mapale adothi ambirimbiri a milandu ndi mapangano a nthawi imeneyo, koma oweruza ake saoneka akugamula potchula malamulo a pamwalawo. Adatsimikiza kuti mwalawu sudali buku la pabwalo la milandu monga tikuganizira lero. Udali chikumbutso cha ulemerero wa mfumu ndi chitsanzo cha luso la alembi. Ndiye tiuwerenge ngati umboni wa munthu wodzichitira yekha umboni, umene ophunzira hadith amadziwa kuti sulandiridwa usanayezedwe.

Chisilamu chidayamba ndi kuika wolamula pansi pa lamulo. Bukhari ndi Muslim adasimba za mkazi wa fuko lolemekezeka la Makhzum amene adaba, Usama bin Zayd napita kukamupepesera. Mtumiki (SAW) adakwiya, nafotokoza kuti mitundu yakale idaonongeka chifukwa chosiya wolemekezeka ndi kulanga wofooka, ndipo adalumbira kuti ngakhale mwana wake Fatima sakadapulumuka. Abu Bakr (RA) atasankhidwa adauza anthu kuti amuwongole akakhota, ndiponso kuti kumumvera kutha iye akasiya kumvera Allah ndi Mtumiki Wake. Umar (RA) m’kalata yake kwa Abu Musa Al-Ash‘ari adalamula kuti odandaulirana alandiridwe mofanana pa kakhalidwe ndi kayang’anidwe, ndipo adamuuza kuti chigamulo chadzulo chisamuletse kubwerera ku choona. Lamulo 5 la Hammurabi likuti woweruza wosintha chigamulo chodindidwa kale alipe kuchulukitsa ka 12 nachotsedwe pampando. Cholinga chake chiyenera kuti chidali kutseka ziphuphu, ndipo ndi chabwino, koma silikunena za woweruza wozindikira kuti adaphonya.

Sitikunena kuti mafumu a Chisilamu onse adatsata zimenezi. Abu Hanifa adakana uqadhi m’nthawi ya Al-Mansur ndipo adamwalira m’chaka cha 150 Hijri ali m’manja mwa khalifayo. Ahmad bin Hanbal adakwapulidwa m’nthawi ya Al-Mu‘tasim. Koma adatha kukana chifukwa muyeso sudali wa khalifa. Al-Mawardi, wa madhhab a Shafi‘i, amene adamwalira mu 1058, adalemba m’buku la Al-Ahkam Al-Sultaniyya za bwalo la mazalim lomva madandaulo a anthu pa akuluakulu a boma, ndiponso za zifukwa zimene zimamuchotsera imam udindo wake. Ku Babylon munthu wokana mfumu adalibe buku loti aimepo.

Phunziro la kuno ku Nkhamanga

Wina afunse kuti za ku Iraq wakale zikutikhudza bwanji ife a ku Rumphi. Zikutikhudza chifukwa nafenso tili ndi ufumu, mbiri yake yolembedwa, ndi mabwalo ake.

Mbiri ikusimba kuti Mlowoka adaoloka nyanja chakumapeto kwa zaka za m’ma 1700 pofuna minyanga ya njovu, nakopa akuluakulu a m’chigwa cha Nkhamanga ndi nsalu, mikanda ndi makasu. Kumeneko ndi kumene kudachokera ufumu wa Chikulamayembe, umene chaka ndi chaka umakumbukiridwa ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya. Angoni adauthetsa mphamvu cha m’ma 1850, ndipo boma la atsamunda lidaubwezeretsa mu 1907 mwa Chilongozi Gondwe. Saulos Nyirenda, wophunzira wa ku Livingstonia, adalemba mbiri yake, ndipo T. Cullen Young adaifalitsa. Pambuyo pake Leroy Vail adatsutsa kuti zolembedwazo zidakulitsa malire ndi mphamvu za ufumuwo, popeza zidalembedwa pamene mpandowo unkafuna kudzionetsa kwa atsamunda. Munthu atha kugwirizana naye kapena ayi. Koma kufunsa kuti walemba ndani, liti, ndipo chifukwa chiyani si kunyoza mfumu. Ndi funso lomwelo limene tafunsa mwala wa Hammurabi.

Bwalo la mfumu ya kumudzi lili ndi zabwino zimene Msilamu amazizindikira. Mlandu umakambidwa poyera, akulu amathandiza mfumu, ndipo cholinga chimakhala kulipa ndi kuyanjanitsa, zimene zili pafupi ndi sulh ndi diya. Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Koma dziko lino lidaonanso zimene zimachitika dzina la mwambo likabwerekedwa ndi wolamula wosafunsidwa. Mu 1969 boma lidapatsa makhoti a Traditional Courts mphamvu yozenga milandu ya imfa, ndipo wozengedwa sankaloledwa loya. Albert Muwalo adaweruzidwa kumeneko nanyongedwa mu 1977. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagamulidwa kuphedwa mu 1983 pa mlandu woukira boma, ndipo Orton adamwalira m’ndende ya Zomba mu October 1992. Makhotiwo adaimitsidwa mu 1993. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adanena m’gawo 12 kuti mphamvu za boma ndi chosungitsidwa cha anthu, chimene ife timachitcha amana, ndipo gawo 20 lidaletsa tsankho. Pa 3 February 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, wopambana ali pampando. Kaya munthu adavotera ndani, tsiku limenelo lidaonetsa chimene mwala wa Hammurabi sudachiganize, choti wolamula atha kuitanidwa pabwalo nagonja.

Chigamulo chathu pa mwalawu

Mwala wa Hammurabi ndi ntchito ya alembi anzeru ndi mfumu yakhama. Uyenera kuwerengedwa m’madrasa athu apamwamba pambali pa makomo a jinayat ndi qadha, kuti wophunzira aone mmene nzeru ya munthu imafikira patali pa umboni, ngongole ndi mapangano, ndi pamene imaimira. Idaima pomwe zofuna za olemekezeka zidayambira. Idasiyanitsa diso la wolemera ndi la wosauka, idapha mwana chifukwa cha bambo, ndipo idasiya mfumu kunja kwa bwalo.

Koma Msilamu asatuluke m’nkhaniyi akudzitama. Mafunso atatu aja amabwera tsiku ndi tsiku pabwalo la nyakwawa, m’komiti ya mzikiti, ndi pogawa chuma cha masiye. Sheikh womva mlandu wa banja namukhazika wopereka zambiri kumzikiti pampando, mkazi wodandaula ali pansi pakhomo, waweruza ndi lamulo 198 ngakhale atatsekula ndi dua. Mudzi wothamangitsa mayi chifukwa cha kuba kwa mwana wake watsata lamulo 230. Mtsogoleri wokwiya akafunsidwa za ndalama za Asilamu wadziimikira mwala wake. Wachinyamata wathu akauzidwa kuti Shariya ndi Babylon, mabuku amupatsa yankho lokwanira, koma womufunsayo adzakhutira pokhapokha ataona mmene timaweruzira wamasiye ndi mlendo pakati pathu.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.